Mmene Mungayerekezere Mapointi a MSCE ndi Mwayi Wosankhidwira ku Yunivesite

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, funso limene limamveka pakhomo paliponse pamene pali wophunzira wa Fomu 4 ndi lakuti wapeza mapointi angati. Mwana akatchula nambala yochepa, makolo amayamba kale kuganiza za sutikesi ndi ndalama ya basi yopita ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo mayina a osankhidwa akadzatuluka popanda dzina la mwana wawo amadabwa kuti zatheka bwanji, makamaka akamva kuti mwana wa mnansi, amene mapointi ake adali ochulukirapo, watengedwa. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala m'kawerengedwe. Nambala imene timaitchula pakhomo ndi chiyambi chabe cha masamu amene wophunzira ayenera kuchita, ndipo masamuwo angathe kuyambika mayeso enieni asanalembedwe, pogwiritsa ntchito malikisi a m'kalasi ndi a mayeso a mock. Malangizo awa akufotokoza njirayo kuyambira pa malikisi mpaka pa fomu yofunsira malo.

Choyamba: dziwani tanthauzo la giredi iliyonse

Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse, ndipo nambala yochepa ndiyo yabwino. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, pamene 9 ndi kulephera. Kuti munthu aloledwe kupikisana nawo pa malo a m'mayunivesite a boma amayenera kukhala ndi makirediti osachepera asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhale m'gulu limenelo. Izi zikutanthauza kuti opikisana onse amakhala pakati pa mapointi 6 ndi 36. Zikutanthauzanso kuti wopeza 7 m'Chingerezi watsalira pakhomo, ngakhale atakhala ndi giredi 1 m'maphunziro ena onse. Kukhala ndi satifiketi ya MSCE ndi kukwanira kupikisana nawo ku yunivesite ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa m'maganizo kuyambira pachiyambi.

Chachiwiri: sandutsani malikisi kukhala magiredi

Chikalata cha zotsatira za MSCE chimaonetsa magiredi okha, malikisi enieni wophunzira sawaona. Malire a pakati pa giredi ina ndi inzake amakhazikitsidwa mapepala akatha kuchongedwa, choncho tebulo limene limapachikidwa mu ofesi ya aphunzitsi pasukulu panu ndi la sukuluyo, ndipo sukulu yoyandikana nayo ingathe kukhala ndi lina. Komabe poyambira payenera kukhalapo. Pemphani tebulolo kwa aphunzitsi, kenaka lembani maphunziro anu onse pa pepala limodzi, lililonse pa mzere wake, ndipo pambali pake muike malikisi a mock ndi a mayeso a materemu awiri apitawo. Musadalire pepala limodzi limene mudakhoza bwino koposa, chifukwa mwina tsiku limenelo mafunso adagwera pa mitu imene mumaikonda. Tengani malikisi a pakatikati pa mayeso atatuwo, koma a mock muwapatse kulemera kwambiri popeza ndiwo amafunsa silabasi yonse.

Tiyerekeze kuti pasukulu ina tebulo lili motere: malikisi 80 mpaka 100 ndi giredi 1, 75 mpaka 79 ndi 2, 70 mpaka 74 ndi 3, 65 mpaka 69 ndi 4, 60 mpaka 64 ndi 5, 55 mpaka 59 ndi 6, 50 mpaka 54 ndi 7, 40 mpaka 49 ndi 8, ndipo pansi pa 40 ndi 9. Tiyerekezenso mtsikana wa pasukuluyo amene malikisi ake ndi awa: Chingerezi 62, Masamu 71, Biology 78, Chemistry 66, Physics 58, Agriculture 81, Geography 74 ndi Chichewa 83. Potsata tebulolo, magiredi ake ndi 5 m'Chingerezi, 3 m'Masamu, 2 mu Biology, 4 mu Chemistry, 6 mu Physics, 1 mu Agriculture, 3 mu Geography ndi 1 m'Chichewa. Mtsikana ameneyu tiyenda naye mpaka kumapeto.

Chachitatu: yesani muyezo wa sukulu yanu

Ambiri amadumpha sitepe iyi, pamene ndiyo imene imasiyanitsa kuyerekeza ndi kulota. Aphunzitsi sachonga mofanana. Pali ena amene amaumira malikisi dala kuti ophunzira asatayirire, ndipo pali ena amene amawolowa manja, mwina chifukwa chosafuna kugwetsa ana mphwayi mayeso atayandikira. Njira yodziwira kumene sukulu yanu imapendekera ndi kuyang'ana amene adalemba chaka chatha. Pemphani aphunzitsi aakulu, kapena aphunzitsi oyang'anira mayeso, kuti akuonetseni magiredi a mock a kalasi yapitayo pamodzi ndi magiredi amene kalasi yomweyo idapeza ku MANEB; mayina safunika, angathe kuphimbidwa. Tengani ophunzira khumi kapena kuposerapo amene malikisi awo amafanana ndi anu, ndipo pa phunziro lililonse muone ngati giredi yeniyeni idakwera, idatsika kapena idakhala pomwepo.

Mukapeza kuti m'Masamu ambiri amene adapeza 3 pa mock adadzapeza 4 kapena 5 ku MANEB, sinthani giredi yanu ya Masamu moteronso, ngakhale mtima ukukana. Mukapeza kuti mu Biology zidali zosiyana, kuti aphunzitsi ankaumira ndipo ana adadzachita bwino kuposa pa mock, dzipatseni mwayi umenewo. Chitani izi phunziro ndi phunziro, chifukwa m'sukulu imodzi momwemo muyezo wa aphunzitsi a Chingerezi sufanana ndi wa aphunzitsi a Chemistry. Pa maphunziro a sayansi onjezani funso lina: kodi pa mock mudalemba pepala la practical ndi zipangizo zenizeni? M'masukulu ambiri a CDSS zipangizo za mu labotale zimakhala zochepa, ndipo malikisi a mock amene sadaphatikize practical yeniyeni ayenera kulandiridwa mosamala.

Chachinayi: phatikizani maphunziro asanu ndi limodzi

Apa mpophweka. Yambani ndi Chingerezi, chimene chimalowa m'chiwerengero ngakhale chitakhala phunziro limene mwachita moipa, kenaka onjezani maphunziro ena asanu amene magiredi ake ndi abwino koposa. Kwa mtsikana wathu, Chingerezi 5, Agriculture 1, Chichewa 1, Biology 2, Masamu 3 ndi Geography 3 zikupereka mapointi 15. Imeneyi ndiyo nambala imene adzaitchule kwa amalume ake akadzafunsa. Onani kuti Chemistry ndi Physics sizinalowemo n'komwe.

Chachisanu: werengerani kachiwiri potsata kosi imene mukuifuna

Kusankha ophunzira opita m'mayunivesite a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo mayunivesitewo ndi asanu ndi limodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS imene imaphunzitsa zaumoyo, LUANAR ku Lilongwe, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Chaka chilichonse pamatuluka chilengezo chimene chimandandalika makosi onse pamodzi ndi maphunziro amene kosi iliyonse imafuna. Chilengezochi chiwerengeni ndi pensulo m'manja, chifukwa mmenemo ndi mmene muli masamu enieni. Wophunzira sapikisana ndi dziko lonse pa mzere umodzi. Amapikisana ndi okhawo amene afunsira kosi yomweyo ndipo akwaniritsa zofunika zake. Makosi a uinjiniya amayang'ana Masamu ndi Physics, a zaumoyo amayang'ana Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, ndipo a zamalonda nawonso amafuna Masamu, chinthu chimene chimadzidzimutsa ambiri amene adawataya Masamu ali Fomu 3.

Ngati chilengezo cha chaka chino chisanatuluke, gwiritsani ntchito cha chaka chatha, koma mudzachifananitse ndi chatsopano chikadzatuluka. Pa kosi iliyonse imene mukuifuna, lembani maphunziro ake ofunika, ikani magiredi anu pambali, ndipo muphatikize. Mtsikana wathu akafuna kosi imene imafuna Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics, magiredi ake ndi 5, 3, 2, 4 ndi 6, zimene zikupanga 20 pa maphunziro asanu okha, ndipo tikaonjeza phunziro lake labwino koposa mwa otsalawo zikukwana 21. Munthu yemweyo amene pakhomo akutchedwa wa mapointi 15, pa mzere wa kosi ya zaumoyo akuoneka ngati wa 21, ndipo kutsogolo kwake kwaima anthu ambiri amene mwina chiwerengero chawo cha pakhomo ndi 17 kapena 18 koma magiredi awo abwino ali m'maphunziro a sayansi.

Chitsanzo china chingathandize kumveketsa mfundoyi. Anyamata awiri apeza mapointi 14 aliyense. Woyamba ali ndi Chingerezi 2, Chichewa 1, Bible Knowledge 2, History 3, Social Studies 3 ndi Geography 3, koma m'Masamu wapeza 7. Wachiwiri ali ndi Chingerezi 4, ndipo Masamu, Physics, Chemistry, Biology ndi Agriculture wapeza 2 pa lililonse. Woyambayo akadzaza fomu yake ndi makosi amene amafuna kirediti ya Masamu, dzina lake lidzachotsedwa mpikisano usanayambe, ndipo mapointi 14 aja sadzamuthandiza kanthu. Akadasankha makosi a zilankhulo, a mbiri kapena a uphunzitsi wa maphunziro amene amawadziwa, akadakhala pafupi ndi kutsogolo kwa mzere. Mwa maganizo anga, ana ambiri okhoza bwino amene amatsala chaka ndi chaka amatsalira pamenepa, pa kusawerenga zofunika za kosi.

Chachisanu ndi chimodzi: pezani nambala zitatu, osati imodzi

Kuyerekeza kulikonse kumene kumathera pa nambala imodzi kumanamiza, chifukwa malikisi awiri kapena atatu okha angathe kusuntha giredi. Choncho bwererani ku pepala lanu ndipo muwerengere kawiri kena: koyamba muonjeze malikisi 5 pa phunziro lililonse, kachiwiri muchotse malikisi 5. Tikaonjeza, mtsikana wathu akupeza Chingerezi 4, Masamu 2, Biology 1, Chemistry 3, Physics 5, Agriculture 1, Geography 2 ndi Chichewa 1, ndipo mapointi ake akutsika kufika pa 11. Tikachotsa, akupeza Chingerezi 6, Masamu 4, Biology 3, Chemistry 5, Physics 7, Agriculture 2, Geography 4 ndi Chichewa 2, ndipo mapointi akukwera kufika pa 21. Sizichitikachitika kuti maphunziro onse akwere kapena atsike pamodzi, kotero n'koyenera kuyembekezera kuti adzagwera pafupi ndi 15, mwina pakati pa 13 ndi 18, koma 11 ndi 21 ndiwo malire amene ayenera kuwakumbukira.

Phindu lalikulu la sitepe iyi lili m'zimene imaulula. Pa kuwerengera kotsitsa kuja, Physics yagwera pa 7, kutanthauza kuti kirediti yatayika ndipo makosi onse ofuna Physics atsekeka, pamene Chingerezi chaima pa 6, m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Ngati mayeso asanalembedwe, mtsikanayu wadziwa kale kumene ayenera kuika nthawi yake. Kukankha Chichewa kuchoka pa 83 kufika pa 90 sikusintha kanthu, chifukwa giredi 1 ndi 1 basi, pamene malikisi awiri okha mu Physics akumuchotsa pa 6 kumuika pa 5, ndipo limodzi lokha mu Geography likumuchotsa pa 3 kumuika pa 2. Ophunzira amakonda kuwerenga phunziro limene amalidziwa kale chifukwa limasangalatsa, koma pepala la masamuli limaloza kwina.

Chachisanu ndi chiwiri: yerekezani malo anu pa mzere

Ku Malawi wophunzira sapatsidwa nambala yosonyeza kuti ndi wachingati m'dziko lonse, choncho malo ake ayenera kuwayerekeza yekha. Kumbukirani kuti pakati pa 6 ndi 36 pali nambala 31 zokha, pamene olemba MSCE chaka chilichonse amaposa 100,000. Ngakhale kuti okwanitsa makirediti asanu ndi limodzi ndi gawo chabe la amenewa, anthu ambirimbiri amakhala ndi mapointi ofanana ndendende. Kusuntha kuchoka pa 16 kufika pa 15 kumadumphitsa munthu anzake ambiri kuposa mmene pointi imodzi imamvekera m'khutu.

Chimene mukufuna kudziwa pa kosi iliyonse ndi malire ake, kutanthauza mapointi a munthu womaliza kutengedwa chaka chatha. Yang'anani m'zikalata za NCHE ndi za mayunivesite, ndipo funsaninso kusukulu kwanu, kumene aphunzitsi amadziwa ana awo amene adasankhidwa, makosi amene adapita, ndi magiredi amene adali nawo. Mukakumana ndi wophunzira amene ali kale pa kosi imene mukuifuna, musamufunse mapointi okha. Mufunseni magiredi a maphunziro ofunika a kosiyo, ndiponso ngati akudziwa mnzake wa m'kalasi amene adalowa ndi mapointi ochulukirapo kuposa iye. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi otere akukwanira kukupatsani chithunzi cha malire. Yesetsani kufunsa atsikana ngati ndinu mtsikana ndi anyamata ngati ndinu mnyamata, chifukwa kusankha kumayesetsa kuti mbali zonse ziwiri zipeze malo, ndipo malire a mbali ziwirizi sakhala ofanana nthawi zonse.

Samalani ndi nkhani zakale. Amene adasankhidwa chaka cha 2020 chisanafike adalowa pa nthawi ya ndondomeko ya quota, imene inkaganizira boma limene munthu amachokera, ndipo ndondomekoyo idathetsedwa m'chaka chimenecho. Mapointi amene adalowetsa achimwene anu kalelo sangakuuzeni zambiri za lero. Mu 2021 University of Malawi yakale idagawidwanso, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kuphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Physical Science imene akuluakulu adalemba idagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry. Gwiritsani ntchito zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi zokha, ndipo ngakhale pamenepo dziwani kuti malire amasuntha: chaka chimene ambiri akhoza bwino amatsika, ndipo yunivesite ikaonjezera malo pa kosi ina amakwera.

Mukapeza malirewo, ikani nambala zanu zitatu pambali pake. Ngati ngakhale nambala yanu yoipa ili mkati mwa malire, kosiyo ili m'manja. Ngati ya pakati ili mkati koma yoipa ili kunja, mwayi ulipo ndithu koma si wotsimikizika. Ngati yabwino yokha ndiyo ikufika pa malire, kosiyo ndi yongoyesa. Ngati ngakhale yabwino siyikufika, ichotseni pa mndandanda, ngakhale ikhale kosi imene banja lonse lakhala likuitchula kuyambira muli ku pulayimale.

Chachisanu ndi chitatu: dzazani fomu potsata zimene mwapeza

Zotsatira zenizeni zikatuluka, tayani magiredi oyerekeza aja ndipo mubwereze sitepe yachinayi, yachisanu ndi yachisanu ndi chiwiri ndi magiredi a pa chikalata cha MANEB. Tsopano nambala zanu sizisunthanso, chosuntha ndi malire okha, choncho siyani mpata wa pointi imodzi kapena ziwiri pakati pa inu ndi malire a chaka chatha musananene kuti kosi ili m'manja. Pa fomu pamakhala malo a makosi angapo, ndipo kulakwitsa kofala ndi kudzaza malo onsewo ndi makosi otchuka amene aliyense wokhoza bwino akuwafuna. Ikani patsogolo kosi imene mukuifunitsitsa ngati masamu anu akuonetsa kuti mwayi ulipo, koma onetsetsani kuti pa mndandandawo pali makosi awiri kapena kuposerapo amene ali m'manja, ndipo akhale makosi amene mungavomere kuwaphunzira zaka zinayi. Kosi yofanana imapezeka nthawi zina m'mayunivesite awiri, ndipo mpikisano wake sukhala wofanana, choncho fufuzani zonse ziwiri.

Werenganinso mawu ang'onoang'ono a m'chilengezo okhudza zaka zimene satifiketi iyenera kuti idapezedwa, ndiponso zimene akunena za amene adalemba mayeso kangapo, chifukwa wobwereza Fomu 4 ayenera kudziwa ngati magiredi a zaka ziwiri angaphatikizidwe pa kosi imene akuifuna. Nambala ya kosi iliyonse ikopereni mosamala kuchokera m'chilengezo cha chaka chomwecho, ndipo musanatumize fomu mupatseni mphunzitsi mmodzi pepala lanu la masamu pamodzi ndi fomuyo kuti aone ngati zikugwirizana. Kwa mtsikana wathu uja, ngati magiredi ake enieni atafanana ndi oyerekeza, pepalalo likumuuza kuti mphamvu zake zili mu Agriculture, Biology ndi Geography, kotero makosi a zaulimi ndi zachilengedwe ku LUANAR kapena ku MZUNI ayenera kupeza malo pa fomu yake, ndipo kosi ya zaumoyo, ngati mtima wake ulidi pamenepo, aiikepo imodzi yokha.